Mmene gulu la ophunzira lingasankhire pulani imodzi pa pulojekiti ya uinjiniya

Mphunzitsi wapereka ntchito: gulu lililonse la ophunzira asanu limange mlatho wa timitengo ndi guluu, woti uwoloke mpata wa masentimita 40, ndipo pa tsiku loonetsa adzaukoleka katundu mpaka uthyoke. Posakhalitsa patebulo pali zojambula zinayi. Wina akufuna mlatho wopindika ngati uta chifukwa ndi wokongola, wina wolukana timakona atatu m'mbali, wina wathyathyathya poti suvuta, ndipo wina wajambula wolendewera pa zingwe. Timitengo ndi towerengeka, nthawi ndi yochepa, ndipo mlatho womangidwa ukhala umodzi basi.

Magulu ambiri amagwera apa, asanagwire n'komwe guluu. Wolankhula mokweza ndiye amapambana, kapena amene amakhoza bwino m'kalasi, ena onse n'kungogwedeza mutu. Mlatho ukayamba kuvuta, amene pulani yake inakanidwa amapinda manja n'kumati, "Ndinanenatu ine." Malangizo awa ndi a ophunzira ndi aphunzitsi amene akufuna kuti chisankho chichokere pa umboni, komanso kuti pomanga aliyense agwire ntchito ndi mtima wonse. Chitsanzo ndi cha mlatho, koma njira zake n'zomwezi kaya mukupanga sefa ya madzi, kagalimoto koyendera labala kapena loboti.

Choyamba: gwirizanani miyezo musanaone mapulani

Ngati pali gawo loti musalidumphe, ndi ili. Zojambula zikakhala kuti zafika kale patebulo, zitembenuzeni kaye. Tengani pepala la ntchito limene mphunzitsi wapereka, muliwerengere pamodzi mokweza, kenako mulembe mindandanda iwiri.

Mndandanda woyamba ndi wa malire, zinthu zimene pulani iliyonse iyenera kukwaniritsa, ikalephera yatuluka. Pa mlatho wathu malire ndi awa: uwoloke masentimita 40, umangidwe ndi timitengo ndi guluu basi, timitengo tisapitirire 150, ndipo ukhale utauma pofika tsiku loonetsa. Pa malire yankho limakhala inde kapena ayi, palibe "pang'ono".

Wachiwiri ndi wa miyezo, zinthu zimene pulani ina ingapose nazo inzake: mphamvu yonyamula katundu, kuphweka kwa kamangidwe, kuchepa kwa timitengo tofunika, ndi maonekedwe. Miyezo inayi kapena isanu ndi yokwanira. Ikachuluka, yofunikadi imamira pakati pa ing'onoing'ono. Uliwonse ulembedwe mwa njira yoti munthu angauyese. "Mlatho wabwino" si muyezo, chifukwa aliyense ali ndi ubwino wakewake m'mutu. "Unyamule makilogalamu ochuluka usanathyoke" ndiye muyezo, poti sikelo ikhoza kuweruza. Samalaninso ndi miyezo iwiri yonena chinthu chimodzi. Mukalemba "mphamvu" pena, "kulimba" pena, ndiye kuti mwawerenga chinthu chimodzi kawiri, ndipo pulani yamphamvu idzalandira malikisi oposa amene munafuna kuipatsa.

Mukatero, funsanani kuti muyezo wolemera kwambiri ndi uti. Aliyense alembe payekha nambala kuyambira 1 mpaka 5 pa muyezo uliwonse, kenako muonetsane. Pamene nambala zatalikirana kwambiri, pamenepo ndi pokambirana. Onaninso mmene mphunzitsi adzagawire malikisi: ngati ambiri adzachokera pa katundu amene mlatho wanyamula, mphamvu iyenera kulemera kuposa zonse. Tinene kuti gulu lathu lagwirizana chonchi: mphamvu 5, kuphweka 3, kuchepa kwa timitengo 2, maonekedwe 1.

N'chifukwa chiyani zimenezi ziyenera kutsogola? Munthu akangoikonda pulani yake, amayamba kupinda miyezo kuti iikomere, iye mwini osazindikira. Wojambula uta uja adzalimbikira kuti maonekedwe ndi ofunika kwambiri, ndipo sadzakhala akunama ayi, adzakhala akukhulupiriradi zimenezo. Miyezo ikalembedwa mapulani asanatuluke, palibe amene ali ndi choteteza. Paja amati liwiro la mumchenga n'kuyambira pamodzi.

Chachiwiri: aliyense aganize yekha, ali chete

Mphindi khumi, aliyense ndi pepala lake, popanda kulankhulana. Aliyense ajambule mapulani osachepera awiri. Wachiwiriyo ndi wofunika, chifukwa munthu wokhala ndi pulani imodzi yokha amaiteteza zivute zitani, pamene wokhala ndi awiri wayamba kale kuyerekeza m'mutu mwake.

Ophunzira ena amaona ngati kukhala chete n'kutaya nthawi, koma pali chifukwa chomveka. M'zaka za m'ma 1950, katswiri wa za maganizo a anthu Solomon Asch ankaonetsa anthu mizere yojambulidwa pa makadi n'kuwafunsa kuti ndi mzere uti wolingana ndi wina. Funsolo linali losavuta. Koma m'chipindamo ankaikamo anthu ena amene anawauziratu kuti ayankhe zolakwika mokweza. Pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse anatsatira yankho lolakwika la gulu kamodzi kapena kuposa, maso awo akuona bwinobwino. Pamene anthu analoledwa kulemba yankho mwachinsinsi, kutsatira gulu kunachepa kwambiri. Ngati akuluakulu amagonja pa nkhani ya kutalika kwa mzere, nanga bwanji wophunzira wamanyazi amene mnzake wotchuka wanena kale kuti uta ndiye wabwino?

Pali vuto linanso laling'ono koma lowononga: pamene mmodzi akulankhula, ena onse akudikira, ndipo podikirapo amaiwala zimene anali nazo kapena amangozisiya. Njira imene imayamba ndi kulemba chete, kenako kupereka maganizo mmodzimmodzi, kukambirana, n'kumalizira ndi kuvota mwachinsinsi, inafalitsidwa ndi akatswiri awiri a ku America, André Delbecq ndi Andrew Van de Ven, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo imadziwika ndi dzina lakuti Nominal Group Technique. Imagwira ntchito m'misonkhano ya akatswiri, ndipo m'kalasi imagwiranso chimodzimodzi.

Chachitatu: fotokozani mozungulira, kuweruza kudikire

Aliyense apatsidwe mphindi ziwiri kufotokoza pulani imodzi, kenako wotsatira, mpaka mapulani onse atatha. Wina agwire wotchi. Amene amalankhula kwambiri pagulupo akhale womaliza. Pa gawo ili mafunso ololedwa ndi ofuna kumvetsa okha: "Katundu adzakolekedwa pati?" "Timitengo tiwiri titafika apa tilumikizana bwanji?" Mawu onga "zimenezo sizingatheke" adikire. Lamulo losiyanitsa nthawi yotulutsa maganizo ndi nthawi yoweruza analitchukitsa Alex Osborn, yemwe ankagwira ntchito yotsatsa malonda ku America, ndipo likadali lothandiza.

Mukamaliza, matani zojambula pakhoma kapena pabolodi, mufufute mayina a eni ake, mulembe zilembo: A, B, C, D. Kuyambira apa musanenenso kuti "pulani ya uje". Muziti "pulani B". Kumaoneka ngati kanthu kakang'ono, koma kumachititsa kuti wonena chofooka cha B asaoneke ngati akunyoza mnzake. Zojambula ziwiri zikafanana kwambiri, ziphatikizeni.

Chachinayi: sefani

Bwererani ku malire aja. Mlatho wolendewera ukufuna zingwe, ndipo zingwe siziloledwa, ndiye watuluka. Palibe chokangana, ndipo mwini wake sangadandaule poti malirewo analemba nawo.

Mapulani akatsalabe ambiri, tinene asanu ndi atatu, aliyense apatsidwe mavoti atatu oti aike pa mapulani osiyana. Ambiri amachita izi podontheza timadontho ta cholembera pa zojambulazo, koma womaliza kudontheza amakopeka ndi pamene timadontho tachuluka kale. Ndi bwino aliyense ayambe walemba zilembo zake zitatu pa kapepala. Cholinga apa n'kungotsala ndi mapulani atatu kapena anayi oti muwaunike mozama, wopambana sanadziwikebe.

Chachisanu: yerekezani ndi tebulo la Pugh

Stuart Pugh anali injiniya wa ku Britain amene anaphunzitsa pa University of Strathclyde ku Glasgow, ndipo mu 1981 anafalitsa njira yoyerekezera mapulani imene mainjiniya akugwiritsabe ntchito. Ine ndimaikonda kwa ophunzira chifukwa imafunsa funso limene aliyense angathe kuyankha.

Jambulani tebulo. Kumanzere lembani miyezo yanu motsika, pamwamba lembani mapulani mopingasa. Sankhani pulani imodzi ikhale poyerekezera. Nthawi zambiri imakhala yodziwika kwambiri kapena yosavuta, monga mlatho wathyathyathya. Tsono pa muyezo uliwonse funsani za mapulani enawo: kodi iyi ikuposa yoyerekezerayo, ikuchepera, kapena n'chimodzimodzi? Ikaposa lembani +, ikachepera lembani −, zikafanana lembani S. Malizani muyezo umodzi pa mapulani onse musanapite pa wina, kuti maganizo asasinthe pakati.

Pa mphamvu, wa timakona atatu ulandira +. Chifukwa chake chinenedwe, asangoti "ukuoneka wolimba": chinthu cha makona atatu sichingasinthe kaimidwe popanda mbali imodzi kufupika, kutalika kapena kuthyoka, pamene cha makona anayi chimapendekeka mukachikankha pakona. Wa uta nawo ulandira +, koma wina afunse kuti mapeto ake adzatsamira chiyani, chifukwa uta ukalemedwa umakankhira kunja kumapeto onse awiri. Pa kuphweka onse awiri alandira −, popeza timakona atatu tili ndi mfundo zambiri zomata zimene zimafuna nthawi youma, ndipo kupinda timitengo towongoka kuti tipange uta n'kovuta kuposa pamenepo. Pa timitengo alandiranso −. Pa maonekedwe onse +.

Apa ophunzira ambiri amathamangira kuwerenga ma + n'kuchotsera ma −, kenako n'kulengeza wopambana. Musafulumire. Pugh mwini ankatsindika kuti tebuloli ndi lothandiza kuona zofooka, kuzikonza, ndi kubala mapulani atsopano. Yang'anani − iliyonse ya pulani yamphamvu n'kufunsa kuti ingachoke bwanji. Kodi timakona tingachepetsedwe n'kukhala tokulirapo kuti mfundo zomata zichepe? Kodi tingatenge pansi pathyathyathya pa pulani A, posavuta kumanga, n'kuimika timakona ta pulani B m'mbali mwake? Mukatero mwapeza pulani E imene panalibe anabwera nayo, ndipo ili ndi dzanja la anthu angapo. Iikeni m'tebulo, musinthe yoyerekezera, mubwereze. Kawirikawiri pulani yomangidwa imachokera pa kuzungulira kwachiwiriku.

Chachisanu ndi chimodzi: malikisi olemera

Mapulani awiri kapena atatu akatsala moyandikana, nambala za kulemera zija zigwire ntchito. Pulani iliyonse ipatsidwe malikisi kuyambira 1 mpaka 5 pa muyezo uliwonse, muchulukitse ndi kulemera kwa muyezowo, muphatikize. Kuti masamu aoneke bwino, tiyeni tiwerengere mapulani atatu oyamba aja, potsata dongosolo la mphamvu, kuphweka, timitengo ndi maonekedwe:

Wathyathyathya: malikisi 2, 5, 4, 2. Ndiye kuti 10 + 15 + 8 + 2 = 35.

Wa timakona atatu: malikisi 5, 3, 3, 3. Ndiye kuti 25 + 9 + 6 + 3 = 43.

Wa uta: malikisi 4, 2, 3, 5. Ndiye kuti 20 + 6 + 6 + 5 = 37.

Wa timakona atatu watsogola. Koma taonani chimene chichitika mukangosinthanitsa kulemera kwa miyezo iwiri, mphamvu ikhale 3, kuphweka kukhale 5. Wathyathyathya ukwera kufika pa 41, wa timakona atatu utsika kufika pa 39, wa uta pa 33. Wopambana wasintha, zojambula zili zomwezo. Gulu lililonse liyenera kuchita masamu amenewa kamodzi, kuti lione ndi maso kuti nambala yomalizayo ikuchokera m'maganizo awo omwe. Kwa gulu lotsala ndi milungu itatu, 43 ija ndi yoona. Kwa gulu lotsala ndi masiku awiri, kuphweka kuyeneradi kulemera kwambiri, ndipo mlatho wathyathyathya womalizidwa ndi wouma udzanyamula zambiri kuposa wa timakona umene guluu wake akadali wamadzi.

Mfundo ziwiri zothandiza. Aliyense apereke malikisi ake payekha, ndipo pamene wina walemba 2 wina 5, musangotenga nambala yapakati. Funsani aliyense chimene waona, chifukwa mmodzi wa iwo akudziwa kanthu kamene mnzake sakudziwa. Ndipo mapulani awiri akasiyana ndi pointi imodzi kapena ziwiri, atengeni ngati ofanana. Malikisi ongoganizira sangalekanitse zinthu zoyandikana chotero.

Chachisanu ndi chiwiri: pamene mungayese, yesani

Mkangano wambiri wa m'gulu umakhala wa zinthu zoti manja akhoza kuyankha. Kodi kamtengo kangapindike mpaka pati kasanathyoke? Pindani kamodzi muone. Kodi mfundo yomata timitengo titatu imagwira? Matani imodzi lero, mawa muikoke. Dulani katoni mupange kachitsanzo ka makona atatu ndi kena ka makona anayi, mukankhe ndi chala pamwamba. Yesani chinthu chokhacho chimene mukukayika kwambiri, osati mlatho wonse, ndipo musanayese mugwirizane kuti zotsatira zotani zidzatanthauza chiyani: "Timitengo tiwiri mwa titatu tikathyoka popinda, uta tausiya." Mukatero palibe amene adzapotoze zotsatira pambuyo. Bwererani ku tebulo mukonze malikisi molingana ndi zimene mwaona.

Chachisanu ndi chitatu: kutseka nkhani

Nthawi zambiri pofika apa chisankho chimakhala chaonekera. Komabe musatenge kukhala chete ngati kuvomera. Nenani pulaniyo momveka, muwerenge mpaka katatu, aliyense akweze dzanja nthawi imodzi. Zala zisanu ndiye kuti ndikuvomera ndi mtima wonse, zitatu ndiye kuti si imene ndinkafuna koma ndigwira nawo ntchito, chimodzi kapena ziwiri ndiye kuti ndili ndi nkhawa, nkhonya ndiye kuti ndikukana. Aliyense wokweza zochepera zitatu apatsidwe mpata wonena chifukwa chake, ndiponso chimene chingasinthidwe kuti afike pa zitatu. Simukufuna kuti onse aikonde mofanana; mukufuna kuti pasakhale womanga monyinyirika.

Zikakanikabe, votani, koma samalani ndi kavotedwe ka "aliyense atchule imodzi". Tiyerekeze kuti pa ntchito ina mwatsala ndi mapulani anayi ndipo muli asanu. Awiri asankha A, mmodzi B, mmodzi C, mmodzi D. A yapambana ndi mavoti awiri, chikhalirecho anthu atatu otsalawo mwina akuiona A ngati yoipitsitsa mwa zonse. Njira yabwino ndi imene Jean-Charles de Borda, katswiri wa masamu wa ku France, anapereka mu 1770: aliyense asanje mapulani onse kuyambira imene akuikonda kwambiri, yoyamba ilandire mapointi 4, yachiwiri 3, yachitatu 2, yomaliza 1. Ngati awiri aja asanja A, B, C, D, wachitatu B, C, D, A, wachinayi C, B, D, A, ndipo wachisanu D, B, C, A, ndiye kuti A ipeza 11, B 16, C 13, D 10. B, imene munthu mmodzi yekha anaiika patsogolo, ndi imene aliyense akuiona yabwino kapena yachiwiri. Njirayi ili ndi chofooka chake: munthu wofuna kuti yake ipambane akhoza kuika dala pansi pulani yopikisana nayo. N'chifukwa chake mavoti alembedwe mwachinsinsi, ndipo kuvota kubwere pambuyo pa miyezo ndi kuyesa, anthu ataona kale umboni pamodzi.

Kuponya ndalama m'mwamba kulinso ndi malo ake, mapulani awiri akafananadi pa chilichonse ndipo nthawi ikutha. Kumaposa kutaya phunziro lathunthu mukukangana.

Chomaliza: ganizirani kulephera, kenako lembani

Gulu likangogwirizana, pamabwera chisangalalo chimene chimatseka pakamwa aliyense wokayika. Irving Janis, katswiri wa za maganizo a anthu wa ku America, analongosola vutoli mu 1972, poonetsa mmene magulu a anthu anzeru amapangira zisankho zoipa chifukwa palibe wofuna kusokoneza mgwirizano. Njira yachidule yolipewera ndi imene Gary Klein, katswiri wofufuza mmene anthu amapangira zisankho, amalimbikitsa: yerekezani kuti tsiku loonetsa lafika, ndipo mlatho wathyoka katundu woyamba atangokolekedwa. Aliyense alembe payekha, kwa mphindi zitatu, chimene chachititsa. Mudzamva zinthu zimene palibe akananena mukanangofunsa kuti "pali vuto?": mbali ziwiri sizinafanane kutalika, tinaiwala timitengo topingasa tolumikiza mbalizo ndiye mlatho unapendekekera kumbali, tinamata usiku womaliza. Sankhani zoopsa ziwiri zazikulu, mugwirizane wozisamalira.

Kwa aphunzitsi: mukafika pagulu, funso lakuti "mwasankha iti?" silithandiza kwenikweni. Funsani kuti "ndionetseni miyezo yanu," kapena "ndi pulani iti inatsala pang'ono kupambana, ndipo inagwera pati?" Mufunse wophunzira amene sanalankhule. Pewaninso kuonetsa pulani imene inuyo mukuikonda, ngakhale pa nkhope, chifukwa gulu lonse lidzathamangira komweko ndipo matebulo adzangodzazidwa kuti agwirizane nanu.

Pomaliza, gulu lilembe m'kope la pulojekiti tsamba limodzi: tsiku, pulani yosankhidwa, zifukwa zake ziwiri kapena zitatu, tebulo lomwe, zotsatira za zimene munayesa, ndi ntchito ya aliyense. Amene pulani yake sinadutse apatsidwe gawo lenileni, monga kutsogolera kuyesa mphamvu kapena kujambula miyeso yodulira timitengo. Zojambula zokanidwa musazitaye. Matani m'kope momwemo, ndipo pulani imene inakhala yachiwiri ilembedwe kuti ndi yodikira. Ikaninso tsiku, chapakati pa nthawi imene mwapatsidwa, loti mudzaonenso ngati pulani ikuyenda, ndipo mulembetu chimene chingakuchititseni kusintha, monga mbali yoyamba ikalephera kunyamula theka la katundu amene mukuyembekezera. Aliyense asaine pansi pa tsambalo, kenako gawanani timitengo.